Ejenti amene anatithandiza kugula nyumba ku Kasungu: ndampatsa 4 pa 5

Tinayamba kusakasaka nyumba m'tauni ya Kasungu mu Epulo 2024, makiyi n'kudzalandira kumapeto kwa Seputembala. Miyezi yonseyi tinkayenda ndi ejenti mmodzi wa kaofesi kena kakang'ono m'tauni momwemu. Pano dzinja lathunthu latipeza m'nyumbamo, ndiye ndikuona kuti ndingathe kunena za ntchito yake mosakondera.

Nthawi imene tinalowa pamsika inali yowawa kwa wogula. Fodya anali atayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma, alimi akuluakulu ndalama zili m'manja. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wokhala ndi kangachepe kubanki ankathamangira kukasandutsa njerwa ndi malata kasanathe mphamvu. Kuwonjezera apo abale athu a ku Joni, amene amangoona zithunzi pa WhatsApp n'kutumiza ndalama tsiku lomwelo. Nyumba zogulitsa zinali zowerengeka, ofuna ali piringupiringu. Mwini nyumba akatchula mtengo, iwe wogula sunkayerekeza n'komwe kunenerera.

Yoyamba tinaiona Lachiwiri ku Chankhanga. Tinati tikagone nayo maganizo, pofika Lachinayi inali itapita. Yachiwiri mwiniwake anatiuza K30 miliyoni m'mawa, madzulo n'kuimba foni kuti wina wafika pa K34 miliyoni, tiwonjezere kapena tisiye. Tinasiya. Pofika Julayi ine mtima unali utatha, ndinkangofuna chilichonse chokhala ndi denga ndi mpanda.

Chimene ndalembera ndemangayi ndi nyumba yachitatu. Inali ku Gundani, ya zipinda zitatu zogona, mpanda wa njerwa, mtengo wa mango pabwalo. Ndinaikonda ndisanalowe n'komwe. Wogulitsa anali mnyamata wooneka bwino, wolankhula mwaulemu. Anati bambo ake anamwalira, nyumbayo anasiyira iye, ndipo tikapereka dipoziti ya K5 miliyoni dzuwa lisanalowe ndi yathu, chifukwa mawa lake kukubwera munthu wochokera ku Lilongwe. Bambo a kunyumba anali atatulutsa kale foni kuti ayambe kutumiza. Ejentiyo anatikokera pambali.

"Mayi, bambo, ndalama ndi zanu, koma ine pamenepa dzanja langa sindiikapo. Nyumba ya masiye sagulitsa munthu mmodzi ndi pakamwa. Ationetse kalata ya kukhoti yomulola kuyendetsa chuma cha malemu, ndipo mayi ake tiwaone ndi maso."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinamuuza kuti akutichedwetsa dala kuti aigulitse kwa wina wokhala ndi zambiri. Sanandiyankhe mokalipa. Mawa lake anakwera minibasi ya ku Santhe ndi ndalama yake, n'kukawapeza mayi amasiyewo ali ndi ana awo aakazi awiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti nyumba ikugulitsidwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wa malemu pamodzi ndi ana onse, aamuna ndi aakazi, ndiye tikanalipira tikanagula mlandu. Taganizani, ejentiyu amadya pa komishoni. Tikanagula tsiku limenelo yake ikanalowa, mavuto n'kutsala ndi ife. Anasankha kuitaya, ndipo ine ndinatenga sabata yathunthu ndisanapite kukamupepesa.

Imene tinagula inapezeka mu Ogasiti, ku Chankhanga komwe kuja. Apanso tinali anthu awiri olimbirana, ndipo mnzathuyo anatiposa ndi K1 miliyoni. Ejenti wathu anachita chinthu chimene ine sindikanachiganiza: anakhala pakhonde ndi madala ogulitsawo n'kumacheza nawo kufikira atamva chimene chinkawadetsa nkhawa. Anali atapuma pantchito, akumanga kumudzi, koma nyumba yakumudziyo inali isanafoleredwe. Ankaopa kugulitsa lero mawa n'kuuzidwa kuti atuluke. Komanso wopikisana nafe uja ankadikira ngongole ya kubanki, chaka chimene Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo madalawo sankakhulupirira kuti ngongoleyo ituluka msanga. Ife tinalonjeza zinthu ziwiri: ndalama yonse ikhala kwa loya kuyambira sabata yomweyo, ndipo iwo akhalabe m'nyumbamo milungu isanu ndi umodzi osalipira lendi. Anatisankha ife, a ndalama zochepa.

Pa mapepala ndiye sindimupezera chifukwa. Malowo ndi a lizi ya zaka 99. Anatiperekeza ku ofesi ya zamalo ku Lilongwe kukafufuza ngati dzina la pachikalata ndi la madala omwewo, ndiponso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kwina. Anapita kukhonsolo n'kupeza ngongole ya msonkho wa malo ya zaka zitatu, imene inachotsedwa pa mtengo. Bilu ya madzi ya Central Region Water Board anaiona, mita ya ESCOM n'kutsimikiza kuti ndi ya mayunitsi yopanda ngongole yakale. Anaumiriranso kuti tilipire saveya adzafukule mabikoni, zizindikiro za malire a malo, ndipo zinapezeka kuti mpanda wakumbuyo unalowa pang'ono m'malo a aneba. Tinakambirana nawo, n'kulemberana, tisanapereke tambala iliyonse.

Nanga n'chifukwa chiyani sindinampatse 5? Pali zimene zinandipweteka, ndipo iyenso ndinamuuza pamaso.

Nyumba iliyonse yokaona ankatilipiritsa K10,000, ndipo kawiri konse anatitengera ku nyumba zimene zinali zitagulidwa kale dzulo lake. Kuimba foni kaye kukanamutengera mphindi imodzi. Ndalamazo sanabweze. Komishoni nayo ankangoti "tidzakambirana, mayi, musadandaule," mpaka ndinachita kukana kupitiriza kuti tilembe 5 peresenti papepala. Munthu wosamala chonchija pa mapepala a ena sayenera kuzengereza pa pepala lake.

Chachikulu ndi denga. Nyumba tinaiona m'chilimwe, kunja kuli gwa, penti ili yatsopano. Nditafunsa za denga anangoti lili bwino, osakwera n'komwe. Mvula yoyamba ya Disembala inadonthera pabedi la ana. Kalipentala atatsegula siling'i anapeza mitengo inayi itadyedwa ndi chiswe, yongotsala khungu. Mu Febuluwale dzenje la madzi oipa linasefukira, chifukwa kuseri kwa nyumbayo madzi amadikha. Zonse pamodzi zatidyera pafupifupi K2 miliyoni, ndipo simenti, ngakhale imapangidwa m'boma lathu lomwe lino, mtengo wake sumvera chisoni munthu. Sindikunena kuti anatibisira. Ndikukhulupirira kuti sankadziwa. Koma akanangonena kuti za denga si ntchito yake, tipeze mmisiri, ife tikanampeza, ndipo mwina mtengo ukanatsikako.

Nditamudandaulira anabwera yekha kudzaona, anapepesa, n'kutipezera kalipentala amene sanatidule. Ndalama sanathandizepo, ndipo sindinayembekezere kuti atero.

Mlamu wanga wayamba kufuna nyumba chaka chino, ndipo nambala ya ejentiyu ndamupatsa. Ndamuuza kuti komishoni alemberane tsiku loyamba, ndipo popita kukaona nyumba atenge kalipentala wathu uja pamodzi ndi makwerero ake.