Difu ya Explorer pansi pa Ranger yakale: momwe yakhalira patatha miyezi yambiri

Yatsala pang'ono kukwana chaka chichotsereni difu yakumbuyo ya mainchesi 7.5 (kukula kwa giya yaikulu ya m'kati mwake) pa Ford Ranger yanga ya 1994, ija ya mtundu wa ku North America, n'kuikapo ya mainchesi 8.8 yochokera pa Ford Explorer ya 1997. Sindikudandaula, ndipo nditapatsidwa mpata ndingachitenso. Koma amene amanena kuti difu imeneyi imangolowa yokha amakunamizani.

Chimene chimakopa anthu n'chodziwika. Mashafiti a Explorer ali ndi mano 31 pomwe a difu yakale ali ndi 28, mapaipi ake ndi onenepa, ndipo kuyambira 1995 mpaka 2001 inkabwera ndi mabuleki a disiki kumbuyo. Mabawuti a tayala ndi ofanana, asanu pa mamilimita 114.3, choncho malimu anga a mainchesi 15 analowa bwinobwino. Amene ali ndi malimu a 14 ayese kaye, chifukwa kalipa, chitsulo chimene chimapana disiki ya buleki, imafuna malo.

Ntchito yeniyeni ili pa masipuling'i. Pa Explorer sipuling'i imadutsa pansi pa difu, pa Ranger imakhala pamwamba. Ndiye kuti zitsulo zokhalira masipuling'i muyenera kuzidula, kupala bwino paipi, n'kuwotcherera zina pamwamba, motalikirana ngati mmene masipuling'i a Ranger atalikirana. Zogwirira mashokabu nazonso n'zowotcherera mwatsopano, ndipo ma U-bolt (mabawuti opindika omangira difu ku masipuling'i) akale sakwana paipi yonenepayi. Apa m'pamene ndinaumirira kuti wowotcherera asafulumire. Tinaika difu pamalo pake, kumanga mabawuti mosalimbitsa, kutsitsa galimoto kuti kulemera kwake kukhale pa masipuling'i, kenako kuyeza kuchokera ku felemu kupita ku habu mbali zonse ziwiri mpaka manambala anafanana. Mutu wa difu ya Explorer sukhala pakati penipeni, ndiye mukauyang'ana ndi maso n'kumati mwalunjika, tayala limodzi lidzatuluka kunja kuposa linzake. Titakhutira ndi mmene pinion, giya yaing'ono ya difu yomwe imalumikizana ndi pulopela shafiti, yapendekera poyerekeza ndi pulopela shafiti, m'pamene anadontheza moto pang'ono, kutulutsanso difu, n'kuwotcherera zenizeni.

Ngakhale tinasamala chonchi, patapita miyezi ingapo galimoto inayamba kunjenjemera pang'ono ikafika liwiro la pamsewu waukulu, makamaka ikanyamula katundu. Masipuling'i akale anali atagona, ndipo kupendekera kwa pinion kunasintha. Tizitsulo topendekera ta madigiri awiri toika pakati pa sipuling'i ndi chokhalira chake tinathetsa vutolo. Langizo langa n'lakuti ngati masipuling'i anu atopa, asintheni musanawotcherere chilichonse.

Galimoto yanga imakoka ndi matayala onse anayi, choncho magiya akumbuyo amayenera kufanana ndi akutsogolo, omwe ndi 3.73. Kachitsulo ka pa chivundikiro cha difu kanalembedwa 3L73, kutanthauza 3.73 yokhala ndi limited slip (yothandiza kuti tayala limodzi lisamangozungulira lokha poterera), komabe sindinakakhulupirire kokha, poti difu ya zaka zambiri imakhala itadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Ndinatsegula chivundikiro n'kuwerenga mano: 41 pa giya yaikulu, 11 pa pinion, ndipo 41 kugawa ndi 11 kumapereka 3.73. Mukaphatikiza 3.55 kumbuyo ndi 3.73 kutsogolo, transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndi imene idzalipire.

M'lifupi, difu ya Explorer ndi pafupifupi mainchesi 59.5, kuposa ya Ranger ya 1994 ngati yangayi ndi inchi imodzi chabe, ndipo pa galimoto yanga simungazindikire n'komwe. Ma Ranger a 1983 mpaka 1992 ndi opapatiza kwambiri, ndiye kumeneko matayala amatuluka moonekera. Mabowo a flange, chitsulo chomangira pulopela shafiti ku difu, sanagwirizane ndi a difu yatsopano, ndiye tinasintha mbali ya shafiti.

Nanga mabuleki? Disiki ndaikonda. Ikanyowa imauma msanga, ndipo kusintha mapadi n'kosavuta poyerekeza ndi kulimbana ndi timasipuling'i ta m'dilamu. Handibuleki yokha ndi imene sindinakhutire nayo. Imagwira ndi tinsapato tating'ono tobisika m'kati mwa disiki, ndipo ngakhale tinalumikiza makebulo bwino n'kutchuna kangapo, pamtsetse ndi katundu ndimasiyabe galimoto m'giya.

Limited slip ija inkagogoda pokhota mwamphamvu m'masabata oyamba. Nditasintha oyilo n'kuthiramo friction modifier, mankhwala osakaniza mu oyilo ya difu ya limited slip, phokoso linatha, ndipo m'matope matayala onse awiri amakankha, zomwe difu yakale sinkachita. Silu ya kumanzere inayamba kudontha pakati pa chaka. Pochotsa shafiti, yomwe imagwidwa ndi kachitsulo kotchedwa C-clip m'kati mwa difu, ndinapeza pomwe pamayenda beyaling'i pali posalala, ndiye ndinangoika silu ndi beyaling'i zatsopano mbali zonse ziwiri. Zimenezi ndi zotchipa poyerekeza ndi ntchito yonse, ndipo zimaphweka difu isanaikidwe pa galimoto.

Mafuta sindinaone kusintha kodandaulitsa, ngakhale difu iyi ndi yolemerako. Matayala akumbuyo akutha mofanana, mkati ndi kunja, umboni woti difu inakhala mowongoka. Ma U-bolt ndinawalimbitsanso patatha masabata ochepa, ndipo ndimawayang'anabe nthawi iliyonse ndikamasintha oyilo ya injini.