Chingwe, miyala ndi maluwa: miyezi isanu ndi iwiri chitsirizireni uphungu

Nditatsiriza uphungu kumapeto kwa Okutobala 2023 ndinkauza aliyense kuti ndachira. Ndinafulumira. Okutobala ku Blantyre limakhala dzuwa lokhalokha, ndipo munthu amene amaopa mvula sangadziyese m'chilimwe. Ndiye ndinati dzinja lidutse kaye ndisanalankhulenso.

Ine ndine telala. Usiku wa pa 12 Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, ndinali kwathu ku Chilobwe. Nyumba yathu inatsala theka. Ya mlongo wanga, kumtunda pang'ono, inapita yonse pamodzi ndi mwana wake wamwamuna. Tinakumba matope ndi manja mpaka kunacha. Akuluakulu ankati wadutsa Napolo.

Titachoka kumsasa tinapeza nyumba ya lendi kutali ndi phiri, koma ine ndinkagonabe nsapato zili kumapazi. Lole ikamatsitsa miyala pamalo omanga, miyendo inkazizira. Fungo la dothi lonyowa, ngakhale la munthu wothirira masamba, linkandibwezera usiku uja ngati ukuchitika pompano. Ndinayamba kamowa kuti ndipeze tulo. Anthu ankati limbani mtima bambo, ndinu mwamuna. Mayi akunyumba ndi amene anandikokera kwa alangizi a bungwe lina mu Ogasiti, ine ndikukana kuti sindine wopenga woti mpaka andipititse ku Zomba.

Alangiziwo, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, anandifotokozera kuti pafupifupi aliyense amasokonezeka masabata oyamba tsoka likachitika, koma zikapitirira mwezi n'kumalepheretsa munthu ntchito ndi tulo, achipatala amazitcha PTSD. Njira imene anagwiritsa ntchito ndi Narrative Exposure Therapy, imene inapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Konstanz ku Germany ndipo inayesedwa pakati pa othawa nkhondo m'misasa ya ku Uganda. Tinakumana kakhumi, kamodzi pa sabata, ola ndi theka.

Titakumana kachiwiri anayala chingwe pansi. Anati, "Bambo, uwu ndi moyo wanu. Apa mpamene munabadwira. Pa chokoma chilichonse ikani duwa, pa chowawa ikani mwala." Ndinaseka, ndinaona ngati masewera a ana a sukulu ya mkaka. Koma nditaika mwala waukulu wa Freddy ndinaona kuti kumbuyo kwake kuli miyala ina iwiri imene sindinauzepo munthu: imfa ya bambo anga ndili Sitandade 5, ndi ngozi ya minibasi ndili mnyamata. Mbali ina ya chingwe anaisiya chokulunga, akuti ndi masiku amene sanafike.

Kenako tinkatenga mwala umodzi umodzi. Apa mpamene panali ntchito. Sankalola kuti ndidumphe. Ndikati "ndiye phiri linagumuka, tinathawa," iwo ankandibweza: inali nthawi yanji, munavala chiyani, munamva chiyani m'makutu, m'thupi munamva bwanji nthawi imeneyo, nanga pano mukumva bwanji? Ankalemba zonse, sabata yotsatira n'kundiwerengera kuti ndikonze polakwika. Cholinga chake akuti n'chakuti zoopsa zimene thupi likukumbukira zilumikizane ndi tsiku lake ndi malo ake, kuti mutu udziwe kuti zinachitika kale.

Chimene ndikanakonda kumvetsa ndisanayambe n'chakuti zimayamba zafika poipa. Sabata yachinayi ndi yachisanu maloto anachuluka, ndinkakalipira ana popanda chifukwa, ndipo tsiku lina ndinatsika minibasi pakati pa njira n'kubwerera. Alangizi anali atandichenjeza, koma kumva ndi kwina, kuona ndi kwina. Ndikanasiyira pomwepo, bwenzi lero ndikuuza anthu kuti uphungu umaputa mabala.

Nanga dzinja linayenda bwanji? Mvula yoyamba itagunda malata ndinadzuka, mtima ukugunda. Koma ndinadziwa kuti ndili kuti ndiponso kuti n'chaka chanji. Ndinamwa madzi, ndinasuzumira panja, ndinagonanso. Nsapato zimagona pakhomo tsopano. Maloto oipa amabwera mwina kamodzi pa mwezi, pamene kale unali pafupifupi usiku uliwonse. Mowa wofunira tulo ndinasiya, ngakhale apa mayi akunyumba nawo ali ndi dzanja. Makina ndikupalasa tsiku lonse.

Ndisanyade kwambiri. Dzinja limeneli linali la El Niño, mvula inadula kwa masabata, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Mvula ya masiku atatu osakata ngati ya Freddy sindinakumane nayo. Ndipo sabata yokwanira chaka chichitikireni ngoziyo inandigwetsa ndithu: masiku anayi osagwira singano. Ndinafuna kuonana ndi alangizi aja kamodzi kokha, koma ntchito ya bungwelo inali itatha ndipo nambala sinkapezeka. Chimenechi chimandiwawa. Munthu sumutsegula mtima chonchi n'kumusiya wopanda poti n'kubwerera. Uphunguwo unali waulere, koma thiransipoti ndi tsiku losasoka sabata iliyonse zinkatuluka m'thumba langa, ndipo ndikudziwa awiri amene anasiyira pa chifukwa chimenechi.

China chimene chingwe sichinachotse ndi chisoni. Mantha anachepa, koma mwana uja sanabwere. Funso loti bwanji sindinakawatenge madzulo aja mvula itakula limabwerabe, ngakhale tsopano limabwera masana, ndili maso, ndipo ndimatha kuliyankha: palibe amene ankadziwa kuti phiri lingayende.

Tsiku lomaliza anandipatsa mbiri yanga yonse yolembedwa, ine n'kusainira. Ili m'kabati ya makina, pansi pa ulusi. Mlongo wanga anaiwerenga pa Khirisimasi, analira, n'kundibwezera osanena kanthu. Iye mpaka lero sanapite kwa alangizi. Mwezi watha anandifunsa kuti chingwe chija chimakhala chotalika bwanji.