HD 600 ndi Truthear Hexa, miyezi inayi ndikusinthanitsa m'makutu

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti pakati pa Sennheiser HD 600 ndi Truthear Hexa yabwino ndi iti, ndipo aliyense amafuna yankho la mawu amodzi. Ndiye ndati ndingolemba zonse kamodzi ndisamabwerezebwereze. Kwa amene simukuzidziwa, HD 600 ndi mahedifoni a pamutu aja akuluakulu, kunja kwake kuli timabowo ngati sefa, anatuluka mu 1997 ndipo mpaka lero akupangidwabe. Hexa ndi IEM, tija tolowetsa mkati mwa khutu ngati timene oimba amavala pa siteji, inatuluka mu 2022 ndipo mbali iliyonse muli tisipika tinayi, kamodzi ka dynamic ka 10mm kogwira bass, titatu ta balanced armature togwira zotsalazo.

Sabata yoyamba Hexa ndinaida, ndisakunamizeni. Ndinaika timphira ta medium tomwe inabwera nato, tija tovekedwa kunsonga yolowa m'khutu, nkuyatsa nyimbo ya reggae yomwe ndaimvera zaka ndi zaka, ija bass gitala yake imayenera kukugunda pachifuwa, koma zomwe ndinamva zinali ngati munthu akugogoda katoni ali chipinda china. Mawu opyapyala, okanda m'makutu, ndinafika poganiza kuti onse amene amaitama aja analipidwa. Tsiku lachinayi kapena lachisanu ndili chimvetsere ndinayasamula, kamphira ka kumanja kanasuntha nkutseka khutu bwinobwino, bass yonse nkubwera phuu mbali imodzi yokha, mpaka ndinadzidzimuka. Apa mpamene ndinazindikira kuti vuto silinali Hexa ayi koma mpweya umathawa. Ndinakhala pansi nkuyesa timphira tonse ta m'bokosi kamodzikamodzi, nkupeza kuti khutu langa lamanzere ndi lalikuluko kuposa lamanja, zomwe zaka zonsezi sindimadziwa. Pano ndimavala large kumanzere, medium kumanja.

Chifukwa chake nchosavuta. Kasipika ka 10mm sikangakankhe mpweya wambiri ngati sipika ya m'chipinda, kamadalira kampata kakang'ono kotsekeka pakati pa iko ndi kang'oma ka m'khutu. Pakangokhala poboola ngakhale pochepa bwanji, mawu apansi ndi amene amayamba kuthawa. Njira yodziwira ngati zatseka, ng'ung'udzani pang'ono mutavala, mawu anu akamveka ngati akuchokera pakati pa mutu ndiye kuti zili bho. Komanso kampopi ka Hexa kolowa m'khutu kaja nkonenepa ndithu, amene muli ndi makutu ang'onoang'ono muyese kaye musanagule, ine ola loyamba kanali kundipweteka ndisanapeze timphira tofewa.

Ndiye munthu akamalemba kuti IEM yakutiyakuti ilibe bass koma sananene timphira timene amagwiritsa ntchito, ine masiku ano ndimangodutsa.

Cholakwika changa chachiwiri chinali voliyumu. Pa impedance, muyeso wa mmene chipangizo chimakanizira magetsi kudutsa, HD 600 ndi ya ma ohm 300, Hexa ili cha m'ma 20, ndiye ukazula imodzi nkulowetsa inzake osasintha kalikonse, Hexa imakuwa ngati yapsa mtima pomwe HD 600 imangonong'ona. Ndipo khutu la munthu limanyengeka, chilichonse chokwera pang'ono limati ndiye chabwino. Akatswiri ofufuza za kumva, Fletcher ndi Munson, anasonyeza kalekale mu 1933 kuti voliyumu ikatsika khutu limasiya kumva bwino mawu apansi kwambiri ndi apamwamba kwambiri, ndiye ukakweza zimakhala ngati bass ndi treble zawonjezeka pomwe palibe chasintha. Ine ndinkaweruza HD 600 kuti ndi yogona, kumachita kuuza anzanga, chonsecho ndimangoimvera motsika. Pano ndisanafananize ndimayatsa kaphokoso ka 1 kHz, nkusintha mpaka zonse ziwiri zikumveka mofanana, nkulemba manambala a voliyumu papepala. Si njira ya akatswiri koma ikuposa kungozula nkulowetsa.

Nditakonza ziwirizi mpamene ndinayamba kumva zenizeni.

Pa mawu a munthu, HD 600 palibe chokambirana. Pali nyimbo ina ya mayi akuimba ndi gitala yekha, popanda ng'oma popanda chilichonse, yomwe ndimayesera china chilichonse chatsopano. Pa HD 600 umamva akukoka mpweya asanayambe mzere, umamva milomo ikutseguka, chala chikutsetsereka pa waya wa gitala nkulira kwii, koma zonsezi sizikukankhidwira kumaso kwako ayi, zangokhala pamalo pake ngati munthuyo wakhala pampando patsogolo pako. Mawu ake ali ndi mnofu. Pa Hexa nyimbo yomweyo imamveka yoyera, mwina kuyera kuposa pa HD 600, koma mayi uja amakhala ngati waondako, chifuwa chachepa. Ndikaika kwaya kusiyana kumakula, amuna oimba mawu apansi pa HD 600 amadzaza malo awo, pa Hexa amamveka onse bwinobwino mmodzimmodzi koma kulemera kuja kulibe. Piyano chimodzimodzi. Ndikhoza kukhala maola atatu ndi HD 600 osatopa, chongonditopetsa ndi kufinya kwake pamutu, masabata oyamba imagwira ngati ikuopa kuti uthawa, kenako imamasuka.

Koma tikatsika pansi zinthu zimatembenuka. HD 600 ili ndi bass yofunda cha pa 100 Hz, ija ya ng'oma ndi bass gitala, koma ukatsika kufika pa 40 Hz kapena 30 Hz mphamvu imakhala itathawa. Ichi si chilema cha yanga yokha, ndi mmene mahedifoni otseguka kumbuyo a mtundu uwu amakhalira. Nyimbo za hip hop kapena za electronic zija zili ndi kugunda kwa pansi penipeni komwe umakumva m'mimba, pa HD 600 umangodziwa kuti pamenepa panayenera kukhala chinachake. Hexa imafika pansipo mosavutikira, kunjenjemera kuja kumamveka, ngakhale kuti nayo si ya anthu okonda bass yogwedeza mutu, pakati pa bass pamene ng'oma imamenya mbama ndi yodziletsa kwambiri. Amene munazolowera ma earphone a bass yochuluka mudzati yazizira. Ipatseni sabata, kenako mubwerere ku akale aja, mudzadabwa matope amene mumamvera.

Kumwamba, ku treble, Hexa imatulutsa zambiri, tizitsulo ta ng'oma timawala bwino. Pa nyimbo zojambulidwa mosasamala ma s ndi ma ts amatha kulasa pang'ono, ndipo izi zimasintha ndi mmene wailowetsera, ukailowetsa mozama kulasako kumachepa. Timphira ta siponji timathandizanso koma timadya kuwala kwina, komanso sitichedwa kutha. HD 600 kumwambaku ndi yaulemu, siilasa, ena amati imabisa zinthu koma ine sindinaone chomwe yandibisira.

Nkhani ya kutambasuka kwa mawu, imene anthu amati soundstage, apa anthu amakokomeza kwambiri. HD 600 ngakhale ili yotseguka siitambasuka kwenikweni, zoimbira zimakonda kuunjikana malo atatu, kumanzere, pakati, kumanja. Komabe zimamveka kuti zili kunja kwa khutu, pali mpweya. Hexa zonse zimachitikira mkati mwa mutu, kuchoka khutu ili kufika khutu ilo, koma imaloza bwino kuti gitala ili apa, shaker ili apo. Ndimakonda mpweya wa HD 600, koma pofuna kutsatira choimbira chimodzi pakati pa gulu ndimatenga Hexa.

Ma graph, zithunzi za mzere wosonyeza mphamvu ya mawu kuyambira apansi mpaka apamwamba. Pali anthu amagula kapena kukana chinthu atangoona mzere pa sikirini, osachimva nkomwe. Graph ndi yothandiza, ine ndimaiona ndisanagule chilichonse, koma uyenera kudziwa poikhulupirira. Phiri lija limaoneka cha pa 3 kHz si vuto ayi, khutu lenilenilo limakweza mawu a pamenepo mwachibadwa, ndiye IEM poti yadumpha khutu lakunja nkulowa mkati imayenera kubwezeretsa yokha, ikapanda kutero mawu amamveka ngati woimba watseka pakamwa ndi bulangeti. Mzere umene ambiri amafananizira ndi Harman target, wochokera ku kafukufuku wa Sean Olive ndi anzake ku kampani ya Harman, pomwe ankamvetsera anthu ambiri osawaonetsa chomwe avala nkuona zomwe ambiri akonda. Mawu ofunika apa ndi akuti ambiri. Si lamulo, ndipo HD 600 inapangidwa kafukufukuyu kulibe, pa bass ya pansi siifika pa mzerewo, koma pa mawu a munthu mpaka lero anthu amayezerabe zina pa iyo. Chinanso, ma graph ambiri a ma IEM amayezedwa ndi kachipangizo kotchedwa 711 coupler, ndipo kansonga kamaoneka cha pa 8 kHz kaja nthawi zambiri kamabwera chifukwa cha kachipangizoko ndi kuzama kumene IEM yalowetsedwa, m'khutu mwanu kakhoza kukhala pena. Kuyambira pamenepo kupita kumwamba ine ndimakhulupirira khutu langa kuposa chithunzi.

Za mawaya ndinadziwotcha ndekha. Ndinagulira Hexa waya wina wonyezimira kwa wogulitsa wina pa intaneti, ati wasiliva, ati umatsegula treble, ndipo nditaulumikiza ndinamvadi kuti eee zatseguka. Mng'ono wanga, yemwe zoterezi amaziona ngati misala, anati achimwene tembenukani ndikusinthireni osaona. Anasintha kangapo ine nditatseka maso, ndikutchula kuti uwu ndi watsopano uwu ndi wakale, ndipo ndinaphonya pafupifupi theka, chimodzimodzi munthu wongolota. Anaseka mpaka kugwira pamimba. Kuwonjezera apo timapini take ta 0.78mm tinali tolobodoka, mbali imodzi imangodukaduka ndikatembenuza mutu. Ndinabwerera ku waya wa m'bokosi. Waya sinthani ngati wakale waduka, kapena ukukwiyitsani pokhudza malaya nkumamveka khwekhwe m'makutu, osati pofuna mawu atsopano. Za burn in nazonso, zoti uzisiye zikulira maola 100 kuti zipse, ine chomwe ndinaona chikusintha ndi mutu wanga kuzolowera basi. Chomwe chimasinthadi mawu pa HD 600 ndi mapilo ake a nsalu yofewa ya velour aja, akaphwa khutu limayandikira sipika ndipo kamvekedwe kamasintha, ubwino wake amagulitsidwa paokha, waya nawonso umazuka, ndi chifukwa chake anthu amakhala nayo zaka zambirimbiri.

Pa zolumikizira sindichulutsa. Hexa imalira bwino ndi ka dongle wamba ka USB-C, kawaya kakafupi kolumikizira ma earphone ku foni kapena laputopu, siifuna zambiri, koma poti imamva msanga imatolanso zinyalala, pa laputopu yanga yakale ndikangoilowetsa pamamveka sss nyimbo isanayambe. Komanso ma IEM a tisipika tambiri amasintha kamvekedwe ngati bowo lomwe walowetsamo lili ndi output impedance yokwera, kutanthauza ma ohm a bowolo, lamulo lomwe anthu amatsata ndi loti isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya chomwe wavala. HD 600 pa dongle imalira ndithu, osamvera zoti siingalire nkomwe, koma pa nyimbo zojambulidwa motsika monga za classical voliyumu imakathera kumapeto uku ukufunabe ina. Ka amp, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mawu, kakang'ono ka pa tebulo kamathetsa zimenezo, sipafunika chodula.

Pali china chomwe sindimayembekezera. Poti Hexa imatseka phokoso lakunja, ndimaimvera motsika kuposa ma earphone onse omwe ndinakhalapo nawo. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo ukakweza ndi ma decibel atatu okha nthawiyo imadulidwa pakati. Kale ndikavula ma earphone usiku m'makutu mumalira nthii, ndimaona ngati ndi mmene zimakhalira. HD 600 ndiye siitseka kalikonse, fani ikayatsidwa umaimva, wina akamayankhula umamumva, naye amamva nyimbo yako yonse. Kuivala pamalo aphokoso nkungodzivutitsa, umakweza mpaka kudzipweteka.

Ndiye yabwino ndi iti? Ngati muli ndi chipinda chachete ndipo mumakonda mawu a anthu, magitala, piyano, kwaya, jazz, tengani HD 600, pa zimenezi Hexa siifikapo. Ngati nyimbo mumamvera muli pa ulendo, pa ntchito, kapena pali ena omwe simukufuna kuwasokoneza, kapenanso nyimbo zanu zimadalira bass ya pansi ija, Hexa, ndipo ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi inzakeyo. Ine ndikawerenga maola, Hexa ndi imene imakhala m'makutu mwanga nthawi zambiri, HD 600 imadikira usiku anthu akagona. Ndikanauzidwa kuti nditsale ndi imodzi ndikanatsala ndi HD 600, kenako mawa lake nkuyamba kudandaula.

Chomaliza kwa amene mutenge IEM, muziyang'ana kampopi kaja pafupipafupi. Mwezi watha mbali yamanzere inayamba kumveka motsika, ndinayamba kale kuganiza kuti kasipika kena kafa, nditachotsa kamphira nkuunika ndi tochi ya foni ndinapeza phula la m'khutu latseka pakamwa pake. Kabulashi kakang'ono kouma, kampopi kataloza pansi kuti zinyalala zigwe kunja, mphindi ziwiri zokha mawu anabwerera.