TV ya LG C2 ya mainchi 42 ngati sikirini ya kompyuta

Munthu amene akufuna kuika TV yaikulu pa desiki m'malo mwa sikirini ya kompyuta ayenera kuyamba wayeza desikilo asanafunse mtengo, chifukwa TV yokoma kuonera utakhala pampando wa pabalaza imatopetsa maso ndi khosi ikakhala pafupi ndi nkhope. Pa nkhani imeneyi LG C2 ya mainchi 42, yomwe inatuluka mu 2022, inafika pa muyeso woyenera. M'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 93, ndipo desiki likakhala lotakata mokwanira kuti maso atalikirane nayo masentimita 80 kapena kuposerapo, munthu amaona ngodya zonse popanda kupotoza khosi pafupipafupi.

Ubwino wake waukulu uli pa kuthinana kwa timadontho topanga chithunzi. TV ya 4K ili ndi timadontho 3840 m'lifupi ndi 2160 chotsika, kaya ndi yaing'ono kaya yaikulu. Pa mainchi 42 timakwana pafupifupi 105 pa inchi iliyonse, pomwe pa mainchi 55 timatsika kufika pafupifupi 80, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimayamba kuoneka zamanomano m'mphepete. N'chifukwa chake sindingalangize aliyense kugula ya mainchi 55 kuti azilemberapo, ngakhale itatsika mtengo chotani. Pa C2 mutha kutsegula chikalata cha Word, tebulo la Excel ndi tsamba la intaneti mbali ndi mbali, zonse n'kumawerengeka bwinobwino. Popeza ndi OLED, kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, kotero malo akuda amada zenizeni, zomwe zimakomera okonza zithunzi ndi makanema.

Komabe ikangotuluka m'katoni siikhala yokonzekera ntchito ya kompyuta. Muyenera kulowa m'masetingi n'kusintha dzina la khomo la HDMI limene mwalumikizapo kuti likhale PC, apo ayi zilembo zofiira ndi zobiriwira zimaoneka ngati inki yomwazika pa pepala lonyowa. Kuyatsa setingi ya magemu yotchedwa Game Optimizer kumachepetsa kuchedwa kwa kamuvi mukasuntha mawusi, ndipo zimenezi zimathandiza ngakhale amene sasewera magemu. Makomo onse anayi ndi a HDMI 2.1 ndipo amafika pa 120Hz, kutanthauza kuti chithunzi chimasinthidwa ka 120 pa sekondi, koma laputopu ya HDMI 2.0 imathera pa 60Hz pa 4K. Khomo la DisplayPort, lomwe makompyuta ambiri amalumikizirapo sikirini, palibe, miyendo yake siikwera kapena kutsika, galasi lake ndi lonyezimira moti windo likakhala kumbuyo kwanu mumadziona nokha, ndipo poyatsa ndi pozimitsa pamafunika rimoti kapena batani la pa TV-yo.

Chimene ndikufuna wogula aganizire mofatsa ndi mtundu wa ntchito yake. Sikirini ya OLED ikamaonetsa chinthu chimodzi pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, monga mzere wa m'munsi wa Windows, chithunzicho chikhoza kusiya chipsera chosatha. Ndiponso tsamba loyera likadzaza sikirini yonse, TV imachepetsa kuwala payokha pofuna kudziteteza. Choncho wowerengera ndalama, amene amakhala pa Excel kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, angachite bwino kugula TV wamba ya 4K ya mainchi 43 ya LCD, yomwe ndi yotchipa ndipo ilibe vuto la chipserali. C2 imawayenera amene amasakaniza kulemba, kukonza makanema ndi magemu, ndipo sakuona vuto kubisa mzere wa Windows uja ndi kuika mitundu yakuda pa mapulogalamu awo.

Pali chinthu china chimene ambiri amachinyalanyaza. TV imeneyi ikagwira ntchito maola angapo, imadzikonza yokha kwa mphindi zochepa mukaizimitsa ndi rimoti, ndipo imafunika magetsi kuti ichite zimenezo. Amene anazolowera kuthimitsa pa soketi pofuna kusunga mayunitsi adikire kaye pang'ono asanatero, ndipo kumene magetsi amazimazima ndi bwino kuwerengera mtengo wa UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi akazima, pamodzi ndi wa TV-yo.