Dayisi kapena mwini wake: ndani agamule kuti mtengambali alumale?

Osewera masewero a patebulo otenga mbali m'nkhani tilipo ochepa kuno ku Mzuzu, moti gulu lathu la Loweruka ku Katoto likataya munthu mmodzi, wolowa m'malo mwake sapezeka msanga. N'chifukwa chake nkhani ya kulumala kwa mtengambali, munthu wongopeka amene wosewera aliyense amamuyendetsa m'nkhani, sindiitenga mopepuka.

Dungeons & Dragons imasiyira dayisi chigamulochi. Buku la mtsogoleri wa masewero la 2014 lili ndi lamulo losakakamiza lakuti mtengambali akalandira critical hit (kumenyedwa koopsa kuposa kwa nthawi zonse), kapena mapointi ake a moyo akafika pa 0, aponye dayisi ya mbali 20. Ikagwa pa 1 diso lapita, pa 2 mkono, pa 3 mwendo, pa 4 azitsimphina, pomwe kuyambira 17 mpaka 20 amatsala ndi kachipsera chabe. Ubwino wake ndi wakuti dayisi sikondera, ndipo palibe anganene kuti mtsogoleri amusungira chakukhosi. Vuto ndi lakuti woima kutsogolo ndi lupanga ndiye amamenyedwa kwambiri, choncho ndi iyeyo amene amaponya dayisiyi kawirikawiri. Matsenga a Regenerate, obwezeretsa chiwalo, mtengambali amene ndi wansembe amawapeza akakwera kufika pa levulo 13, ndipo nkhani zathu zambiri zimatha tisanafike kumeneko.

Ndinaziona ndi maso m'chisanu cha Juni. Mnzathu wina, amene anali atalera mtengambali wake woponya mivi kwa miyezi yambiri, anaponya 1, diso n'kupita. Kuchokera tsiku limenelo, pa muvi uliwonse ankaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yotsika. Usikuwo anangokhala duu, akugubuduza dayisiyo ndi chala mpaka tiyi wake kuzizira, ndipo patapita masabata atatu anasiya kubwera.

Fate Core ya 2013, masewero ena a mtundu womwewu, imapereka chigamulo kwa wosewera. Akaona kuti mtengambali wake watsala pang'ono kugonja, angathe kusankha yekha bala lalikulu koposa, lomwe limameza mapointi 8 a kuvulala, koma afufute chimodzi mwa ziganizo zofotokoza mtengambaliyo n'kulemba chatsopano chokhudza balalo. Ulumaliwo ukamubweretsera mavuto m'nkhani, amalandira pointi yodzagwiritsa ntchito kutsogolo, motero amaukumbukira yekha popanda womukumbutsa. Chofooka chake ndi chakuti mantha amachepa, pakuti wosewera amadziwa kuti mwendo wake suduka iye asanavomere. Blades in the Dark ya 2017, masewero enanso, ili chapakati: mtsogoleri amatchula bala, wosewera n'kulichepetsa posenza stress, mapointi a kupanikizika maganizo kwa mtengambali.

Kwa gulu la nkhani yaifupi, lokonda nkhondo zoopsa, lamulo la dayisi likuyenera. Ife a nkhani zazitali tinasakaniza: timasewerabe Dungeons & Dragons, koma mtengambali akalephera katatu mayeso a imfa (kuponya dayisi koona ngati wakomokayo apulumuke), mwini wake amasankha pakati pa maliro ndi ulumali umene aufotokoze yekha. Woyamba kusankha anapereka dzanja lamanzere la msilikali wake, ndipo chishango tsopano amachimangirira pamkono ndi lamba.