Vitz yakuda ku Nchalo: zomwe dzuwa lachita ndi boneti patatha chaka

Galimoto yanga ndi Toyota Vitz yakuda ya injini ya 1.3, yochokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, monga zambiri zomwe zili m'misewu yathu. Yatha chaka ili kuno ku Nchalo, ndipo yadutsa Okutobala ndi Novembala wa kuchigwa cha Shire, pomwe kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira apo. Pa injini ndi pa mafuta ndilibe dandaulo. Imakwera chitunda cha Thabwa popita ku Blantyre osadandaula. Chomwe ndikufuna kuti wogula wina amve asanatumize ndalama ndi nkhani ya mtundu wake wakudawu.

Boneti yakuda ikakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka 1 koloko masana, injini ili chizimire, siyigwirika. Chitsulo chakuda choterechi chimatha kupitirira madigiri 70, pomwe galimoto yoyera yoimikidwa pambali pake munthu amatha kuyitsamira kwa kanthawi. Chifukwa chake n'chodziwika: penti yakuda imameza pafupifupi kuwala konse kwa dzuwa, yoyera imabweza koposa theka. Onjezani kuti boneti inagona chagada kuyang'ana kumwamba, kuti ndi chitsulo chopyapyala chosachedwa kutentha, komanso kuti chakumayambiriro kwa Novembala dzuwa kuno limadutsa paliwombo penipeni. Zitseko zimapumako chifukwa zinaima chilili. Boneti ndi denga ndi zomwe zimalandira zonse.

Ichi si chinthu chochepa pakhomo pomwe pali ana. Chitsulo cha madigiri 70 chimawotcha khungu m'masekondi ochepa chabe, ndipo mwana woyenda dede akafuna pogwirira amagwira chilichonse chomwe chili pafupi. Kwathu lamulo ndi loti masana palibe mwana wosewera pafupi ndi galimoto, ndipo zosiya mwana m'kati mwake, ngakhale magalasi atatsegulidwa pang'ono, n'zosayerekeza n'komwe. M'katimo dashibodi, chiwongolero ndi kachitsulo ka lamba zimatentha chimodzimodzi.

Anthu angapo andifunsapo ngati kutentha kwa bonetiko kumabwatitsa injini. Ayi. Injini ikuyenda, madzi ake oziziritsa amakhala pafupi ndi madigiri 90, kuposa boneti yomwe yakhala padzuwa tsiku lonse. Choiteteza ndi radiator, fani ndi madzi oziziritsawo (coolant), osati mtundu wa penti. Vitz yangayi ilibe geji ya muvi. Ili ndi kanyali kabuluu koyaka injini ikadali yozizira ndi kofiira kochenjeza ikatenthetsa, ndipo kofiirako sikanandiyakirepo ndili paulendo. Chomwe chimavutika mwakachetechete pansi pa boneti ndi batire, chifukwa kutentha kumafupikitsa moyo wake, choncho ndimaliyezetsa kwa makaniko nyengo yotentha isanayambe.

Pomwe dzuwa lasiya chizindikiro chooneka ndi papenti. Itangofika, boneti inkawala ngati kalilole. Lero pakati pake pambuwa, ndipo padenga payamba timawanga pomwe vanishi wapamwamba akutha mphamvu. Izi sizisankha kampani yopanga galimoto. Yang'anani galimoto zakuda, zabuluu ndi zofiira zoima pamsika wa Nchalo kapena ku Ngabu, mudzaona kuti boneti ndi denga ndi zomwe zimayamba kusupuka. Kutsuka galimoto dzuwa likuswa mtengo kumawonjezera vuto. Madzi amauma musanapukute, ndipo poti madzi a mijigo yambiri ya kuno ali ndi mchere, amasiya madontho oyera omwe pagalimoto yakuda amaonekera patali. Ndimatsuka m'mamawa kapena madzulo chitsulo chitazizira, n'kupaka polishi nthawi ndi nthawi. Zitosi za mbalame ndimachotsa tsiku lomwelo, chifukwa paboneti yotentha zimadya vanishi msanga.

Chinsalu chofunditsa galimoto yonse chinandikhumudwitsa. Fumbi limalowa pansi pake, mphepo ikachikupiza chimakanda penti, ndipo kuvula ndi kuvala tsiku lililonse n'kotopetsa. Chotchinga chonyezimira cha pagalasi lakutsogolo ndicho chaphindu kuposa mtengo wake: boneti sichiyithandiza, koma chiwongolero chimagwirika ndipo dashibodi sinang'aluke. Chomwe chasintha zinthu kwenikweni ndi mthunzi. Kuntchito ndimaimika pansi pa mtengo wa nimu, kunyumba ndinamanga kashedi ka udzu kotsegula mbali zonse kuti mphepo izidutsa. Pamenepo boneti imangofunda, ndipo eyakoni sichedwa kuziziritsa m'kati, zomwe zimapulumutsako mafuta.

Kwa wokhala ku Dedza kapena ku Mzuzu, wokhala ndi galaja, yakuda igulidwe, n'njokongola ndithu. Koma wa ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi kapena Karonga, amene galimoto yake idzaswera pabwalo, asankhe yoyera kapena yasiliva. Vitz ndingaigulenso mawa. Yakuda ayi, pokhapokha shedi itamangidwa galimoto isanafike.