Khadi la mapu a "topo" la pashopu ina ku Lilongwe: nyenyezi ziwiri basi

GPS yanga ilibe mlandu, ndi Garmin ya m'manja ndipo imagwira ntchito yake. Dandaulo langa ndi khadi loika m'GPS la mapu a "topo" (osonyeza mapiri ndi zigwa) lomwe bambo a pashopu ina ya zamagetsi anandigulitsa, pamtengo woti n'kugula thumba la feteleza chenji n'kutsala. Ndisanalipire ndinawafunsa ngati mizere yosonyeza zitunda ndi zigwa ilimo. Iwo akuseka: "Achimwene, Africa yense ali m'menemu, mpaka njira za mbuzi."

Mbuzi zake ziti? Tinapita ku Nyika, kulowera pageti la Thazima mpaka ku Chelinda. Pamsewu waukulu khadi linkaoneka lanzeru. M'mawa mwake tinatenga timisewu ta m'paki, ndipo chakumadzulo nkhungu inagwa. Amene anafikako akudziwa, kumtunda kuja n'kopitirira mamita 2,000, nkhungu ikatsika ngakhale boneti suiona bwino. Tinafika pamphambano, ine n'kukulitsa mapu kuti ndione kolowera. Pasikirini panali mbee! Kamuvi kosonyeza pomwe tili kali kokhakokha, mzere wa msewu wa M9 uli kutali uko, popanda mtsinje, popanda dambo, popanda ndi mzere umodzi womwe wa chitunda. Tinakhotera kumanzere. Njira inayamba kutsetsereka, udzu n'kusintha mtundu, kenako galimoto inangoti phwa, matayala akutsogolo m'matope mpaka m'mimba. Tinakumba ndi fosholo, kunyamula miyala, jeki ikumira yokha, zala zitauma ndi chisanu. Mnzanga atatsegula pulogalamu ya mapu ya OsmAnd pafoni yake, mapu atawatsitsiratu kunyumba, kamtsinje kanali pomwepo, ife tili m'mutu mwake mwenimweni. Chinatibweza ku Chelinda usiku ndi TracBack ya GPS, yomwe imakulondoletsa m'mapazi ako omwe. Khadi la bambo aja silinathandizepo kanthu.

Nditabwerera kushopu anandiloza kapepala ka pakhoma koti katundu wogulidwa sabwezedwa. Tsiku logula kapepalako sindinakaone. Mnyamata wa pakauntala ndiye ananditsatira panja n'kundinong'oneza kuti, "Bwana, musavutike, tsitsani OpenTopoMap." Nyenyezi imodzi ndi yake.

Ndiye kwa amene mukusankha, zomwe ndikugwiritsa ntchito pano ndi izi. OpenTopoMap ndi yaulere, yochokera ku OpenStreetMap, mapu a paintaneti omwe anthu odzipereka amajambula. Mafayilo amakhala awiri, la misewu ndi la mizere ya zitunda, onse mumawaika mufoda ya Garmin pakhadi lanulanu. Kutalika kwa malo kunayezedwa kuchokera mumlengalenga m'chaka cha 2000, choncho phiri ndi chigwa zimaoneka bwino, koma kangalande kakang'ono musayembekeze kukaona. Tracks4Africa ya ku South Africa ndi yogula, ndipo sindikudandaula nayo ndalama. Misewu yake imachokera m'njira zomwe anthu anayendamo ndi ma GPS awo, ndipo imakuuza maola a ulendo, zomwe m'msewu wadothi n'zofunika kuposa makilomita. Ine ndimayendera imeneyo, ndikafuna kuona mmene malo akhalira n'kusinthira ku inayo.

Mapu apepala a 1:50,000 a ku Surveys, nthambi ya boma yojambula mapu, musawataye. Misewu yake ndi yakale, koma mitsinje ndi mapiri sizinasamuke. Chenjerani chimodzi chokha: amenewo anajambulidwa pa muyezo wa malo (datum) wa Arc 1950, pamene GPS imabwera ili pa muyezo wa WGS 84. Mukapanda kusintha muyezowo m'GPS, manambala osonyeza pomwe muli amasemphana ndi mamita mazana angapo, ndipo m'nkhungu mtunda umenewo ndi wokwanira kukutsitsirani m'chigwa china.

Kunena chilungamo, mkwiyo utachepa ndinaona kuti mwina bambo aja sakudziwa n'komwe chomwe akugulitsa. Makadiwo amaoda ambirimbiri, chizindikiro chosindikiza okha, ndipo sindikukhulupirira kuti anayamba adutsapo pa Rumphi. M'tauni ndi pa M1 khadilo limayenda, nyenyezi yachiwiri ndi imeneyo. Koma kusadziwa kwawo ndalipira ndine.

Ngati mukufunabe kugula kumeneko, auzeni aliike m'GPS muli pomwepo, mupite pa Mulanje, mukulitse pa Sapitwa. Nsonga ya mamita 3,002 iyenera kukhala ndi mizere yothithikana yozungulira. Langali pamenepo pali see ngati bwalo la mpira. Za ndalama zanga, bwana wamkulu akuti ndibwere mawa.